Choko pa Botolo la Mafuta

Pamzere wa timasitolo toyang'ana kokwerera basi, chitseko chachitatu kuchokera kwa ometa tsitsi, panali kachipinda ka mayi wina wosoka zovala amene aliyense ankawatchula kuti Mayi Tepi. Dzinalo linabwera chifukwa cha tepi yachikasu yoyezera anthu imene sinkachoka m'khosi mwawo. Anasoka m'kachipindako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, pamakina amodzimodzi opalasa ndi mwendo, ndipo zaka zonsezo zinawaphunzitsa kuti munthu akaima kuti ayezedwe amanama. Azimayi amakokera mimba m'kati. Azibambo amatukumula chifuwa. Diresi likawathina pakatha miyezi itatu, amabwera akukalipa kuti telala anaba nsalu.

"Pumani kaye," ankatero Mayi Tepi, tepi ili m'chiuno mwa kasitomala. "Tulutsani mpweyawo, mimba ibwerere kwawo. Ine ndikusokera munthu amene adzadye paukwatipo, osati uyu wabanika apayu."

Kukayika kwawo sikunkathera pa makasitomala. Nsalu yogulidwa m'sitolo ankaiyezanso wogulitsa akuona. Ulusi ankaukoka ndi mano asanaugule. Munthu akawayamikira kuti lero mwatchena, ankamuyang'ana m'manja kuti aone chimene wabwera kudzapempha.

Kunyumba ankakhala atatu. Panali amuna awo, amene anapuma pa ntchito yoyang'anira matikiti m'mabasi ndipo tsopano ankaswera pakhonde ndi wailesi. Panalinso mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna. Mwanayo ankayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu ndipo ankaoneka pakhomo kamodzi pa milungu isanu. Mpongoziyo anali atamaliza maphunziro a za muofesi koma ntchito inali isanapezeke, choncho zophika zonse zinali m'manja mwake. Anali wofatsa, wosalankhulalankhula, ndipo kufatsa komweko n'kumene kunkawasowetsa mtendere Mayi Tepi. Munthu wolongolola umadziwa chili mumtima mwake. Nanga wachete?

Tsiku lina Lachiwiri, akulowetsa ulusi pa singano, anaona mabowo a singanoyo ali awiri. Ataimirira, chipinda chinazungulira, ndipo anagwira shelefu mpaka maulusi anagwa mbwee. Bambo Zipi, mnansi wawo wokonza zikwama ndi mazipi kuseri kwa khoma lathabwa, anamva phokosolo ndipo anawakakamiza kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Nesi amene anawalandira anali wa msinkhu wa mpongozi wawo. Anawamanga lamba pamkono, anawabaya kachala, kenako anawakweza pasikelo.

"Magazi anu akuthamanga kwambiri, amayi. Shuga nayenso ali pakhomo penipeni, sanalowe koma akugogoda. Ndipo mukulemera makilo 94."

"Sikelo imeneyi munaiyesa liti?" anafunsa Mayi Tepi.

Nesiyo anaseka, koma iwo sanaseke. Anawapatsa mankhwala ndi pepala lolembedwa mayina a zakudya, chilichonse ndi nambala yake. Anawafotokozera kuti manambalawo ndi makalori, muyeso wa mphamvu imene chakudya chimasiya m'thupi. Imene thupi silinagwiritse ntchito limaisunga ngati mafuta. Kagawo ka buledi kanali ndi 80, dzira lowiritsa 75, supuni yaikulu ya mafuta ophikira 120.

"Gulani kabuku. Chilichonse cholowa m'kamwa muzilemba, ndi nambala yake. Musamapitirire 1,700 patsiku. Tionane pakatha mwezi."

Zimenezi zinawasangalatsa Mayi Tepi kuposa mmene nesi ankaganizira. Mankhwala sankawakhulupirira kwenikweni, koma muyeso ankaudziwa. Anagula kabuku kachikuto chofiira, anajambula mizere ndi rula yodulira nsalu, ndipo madzulo aliwonse akamaliza kudya ankakhala patebulo, magalasi ali pamphuno, n'kumalemba. M'mawa: tiyi, buledi magawo awiri. Masana: mpunga kapu imodzi, nyemba, masamba. Madzulo: mbatata ziwiri, kansomba. Anauza mpongozi wawo kuti mafuta asamapitirire masupuni awiri patsiku m'miphika yonse, nyama izikhala yowiritsa, ndipo mchere uzingonunkhizidwa. Amuna awo anayang'ana m'mbale tsiku loyamba, anapumira m'mwamba, n'kuyamba kudya.

Mwezi wonse panalibe tsiku limene nambala yapansi inadutsa 1,700. Anapita kuchipatala atanyamula kabukuko ngati mwana wopita kukaonetsa mayeso amene wakhoza. Anavula nsapato, anavula juzi, anachotsa ngakhale tepi m'khosi, n'kukwera pasikelo.

Makilo 95.

Potuluka anadzera kusitolo yogulitsa mbewu ndi chakudya cha nkhuku, kumene kunali sikelo yaikulu yoyezera matumba, ndipo anapempha mwini wake kuti akwerepo. Muvi unakaima pomwepo. Anabwerera kuchipatala masana omwewo n'kuika kabuku patebulo la nesi.

Nesi anatsegula masamba onse mofatsa. "Kabuku aka kakunena za munthu amene akuwonda," anatero. "Koma amene wakhala apayu sakuwonda. Pali china chikulowa chimene sichikulembedwa."

"Mukuti ndikunama?"

"Ayi, amayi. Nthawi zambiri ndi zinthu zosaoneka. Mafuta a mumphika, shuga wa mu tiyi. Amakuphikirani ndani?"

Funso limenelo anayenda nalo njira yonse yobwerera. Anakumbukira mmene mpongozi wawo ankanenera kuti, "Onjezerani pang'ono, amayi, mukuoneka ofooka." Anakumbukira mkangano wa chaka chatha wa makatani a pabalaza, pamene mtsikanayo anangoti "chabwino amayi" n'kulowa kuchipinda. Anthu oti "chabwino" amasunga zinthu. Anakumbukiranso kuti tsiku lina anamupeza akusisita makina osokera akale amene anali kuchipinda chosungira katundu, akufunsa ngati akugwirabe ntchito. Ankafunsiranji? Pofika pageti anali atamanga mlandu wonse, wangotsala umboni.

Madzulo amenewo, mpongozi ali kubafa, analowa kukhitchini ndi choko chabuluu cholembera nsalu. Anatembenuza botolo la mafuta, n'kulemba kamzere kakang'ono kumbuyo kwake, pamene mafuta analekezera. Anawerenganso mazira a m'thireyi. Anali khumi ndi anayi.

Patatha masiku atatu mafuta anali atatsika zala ziwiri zathunthu pansi pa kamzereko. Masupuni awiri patsiku sakanatsitsa ngakhale chala chimodzi. Mazira anatsala asanu, pamene patebulo panali patabwera atatu okha.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anadziuza okha.

Kuyambira pamenepo chakudya chilichonse chinkayamba chafufuzidwa. Ankanyamula mbale ya nyemba n'kupita nayo pawindo kuti aone ngati pamwamba pakunyezimira. Ankadula kapepala kopyapyala kojambulira masitayilo, n'kukagunditsa pa msuzi, kenako n'kukayang'anitsa padzuwa. Nthawi zina kankaoneka ndi kadontho, nthawi zina ayi, ndipo kakapanda kuoneka ankati mtsikanayo wachenjera, wayamba kuwabisa m'kati mwa mpunga. Mazirawo anaganiza kuti akuswedwera mu chinachake. Anayamba kudziphikira okha kamphika kawo m'mawa asanapite kuntchito. Mpongozi anaona zonsezi koma sanafunse. M'nyumba munazizira. Wailesi ya pakhonde inayamba kulira mokweza kuposa kale.

Lamlungu masana, atatha kudya, Mayi Tepi anabweretsa botolo lija n'kuliika pakati pa tebulo.

"Apongozi, ndinati masupuni angati patsiku?"

"Awiri, amayi."

"Tandiwerengereni masupuni amene achoka apa." Analoza kamzere kabuluu.

Mpongozi anayang'ana botolo, kenako anayang'ana apongozi ake aamuna. Iwo anaimirira mwadzidzidzi, akuti amva ngati wina akugogoda kugeti, ndipo anatuluka.

"Ine m'chakudya chanu sindinaikemo oposa amene munanena, amayi."

"Ndiye botololi likudzimwa lokha? Mazira akuuluka? Ndiuzeni chimene ndinakulakwirani. Ngati mukufuna ndigwe pamakina ndi sitiroko, nenani, ndidziwe."

Misozi inalengeza m'maso mwa mtsikanayo koma siinagwe. Anapinda ndi kupindula kansalu kopukutira mbale.

"Ndipatseni sabata imodzi," anatero. "Ndizipita nanu kuntchito m'mawa, ndizibwera nanu madzulo. Muziphika nokha monga mukuchitiramu. Inu muzilemba m'kabuku kanu, ine ndizilemba m'kanga zimene ndikuona mukudya. Madzulo tizifananitsa."

Mayi Tepi anaganizira msampha umene ungakhale m'mawu amenewa ndipo sanaupeze. Anaona kuti nkhaniyi ikomera iwo. Mtsikanayo akakhala pamaso pawo tsiku lonse, botolo lisiya kutsika, ndipo umenewo ukhala umboni woti ngakhale mwana wawo akadzabwera sadzautsutsa.

"Chabwino," anatero. "Kuli mipendero yofunika kumasula."

Lolemba mpongozi anakhala pa kampando kapakona, siketi ya kasitomala ili pamiyendo, kalumo m'manja, kope lake lili pambali. Tsiku linayenda monga masiku onse. Cha m'ma teni koloko Bambo Zipi anasuzumira pachitseko ndi makapu a tiyi wamkaka, monga ankachitira kwa zaka zambiri. Kunabwera mayi wina ndi ana ake aakazi awiri kudzayesa madiresi a ukwati, atanyamula zakumwa zozizira za m'mabotolo, ndipo kukana kukanakhala mwano. Masana anadya mpunga ndi nyemba za m'kontena yawo. Kenako kunadutsa mayi wogulitsa nthochi, mnzawo wakalekale amene mwamuna wake anali kudwala, ndipo munthu sungamve nkhani zoterozo osagulako kanthu. Cha m'ma folo Bambo Zipi anabweranso ndi tiyi, ulendo uno ndi mabisiketi.

Madzulo anakhala patebulo, aliyense ndi buku lake. La Mayi Tepi linati 1,640. La mpongozi linati 2,900.

"Bodza!" Anakoka kopelo n'kuyamba kuwerenga ndi chala. "Tiyi uyu si chakudya, ndi ulemu wa a Zipi."

"Amathiramo masupuni atatu a shuga, amayi. Ndinakaona."

"Chakumwachi ndinangolawa."

"Botolo lake lili pansi pa tebulo lodulira. Mulibe kanthu."

"Nanga ichi n'chiyani? Mtedza manja asanu ndi limodzi? Mtedza uti? Ine lero mtedza sindinauone n'komwe."

Mpongozi anatulutsa m'chikwama kapepala kokulunga n'kukatambasula. Munali timakoko tofiira ta mtedza wokazinga, todzaza dzanja. "Ndinasesa pansi pa makina tisanatseke."

Mayi Tepi ankadziwa kuti m'kabati kakang'ono ka makina, mmene munkakhala mabobini ndi masingano, munalinso kachitini ka mtedza. Ankakadzaza Loweruka lililonse. Koma m'maganizo mwawo kachitiniko kanali ka ana a makasitomala, kowatonthozera amayi awo akamayezedwa. Anaganiza kuti mtsikanayo wabwera ndi makoko akeake kuchokera kwina kuti awachititse manyazi. Anagona ndi maganizo amenewo.

Mawa lake anatsimikiza zomugwira. Anadzilonda okha ngati mlonda wa pageti. Tiyi wa Bambo Zipi anamwa theka n'kulemba. Mpaka cha m'ma leveni zonse zinali bwino. Kenako kunabwera ntchito yovuta, kolala ya jekete imene inkakana kugona, ndipo anaisoka n'kuimasula kawiri. Ali m'kati molimbana nayo, maso ali pa singano, mwendo ukupalasa, anamva mchere pa lilime. Anaima. Nsagwada zinali kutafuna. Dzanja lawo lamanzere linali m'kabati, zala zili m'kachitini, likutapa ulendo wina.

Analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali ngati la munthu wina. Atadzutsa mutu anapeza mpongozi akuwayang'ana, pensulo ili m'mwamba.

"Kachingati?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kachitatu, amayi."

Chimene chinkawawawa sichinali mtedzawo. Mwezi wathunthu anali akulemba madzulo zimene mutu unkakumbukira, ndipo mutuwo unkakumbukira zokhazo zimene zinabwera m'mbale, munthu atakhala pansi n'kusamba m'manja. Zodya choimirira, zopatsidwa ndi anzawo, zotola dzanja lili pantchito, zonsezo zinkadutsa ngati anthu olowa m'basi pawindo.

Komabe mlandu wa botolo unali usanathe, ndipo anaugwiritsitsa chifukwa ndi wokhawo unawatsalira. Lachitatu madzulo anakaliyang'ana. Mafuta anali atatsikanso chala ndi theka. Anaima m'khitchinimo atasokonezeka. Mtsikanayo anali nawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo masiku onse atatu, ndipo mphika ankagwira okha. Anaganiza za mnansi wa kuseri kwa mpanda. Anaganiza za makiyi, kuti kapena alipo wina amene anasulitsa ake.

Lachinayi anazindikira ali kuntchito kuti aiwala kunyumba diresi limene anakalimalizira mpendero wapamanja, ndipo mwini wake ankabwera thu koloko. Anatseka kachipinda, n'kuuyamba ulendo ndi mpongozi dzuwa lili pamutu. Atangotsegula geti, fungo linawalandira: anyezi wokazinga, mazira, ndi buledi wopsa m'mafuta. Pakhonde wailesi inkalankhula yokha.

M'khitchini anapeza amuna awo atavala vesiti, thaulo lili paphewa, akuimba kanyimbo chapansipansi. M'chiwaya munali mazira atatu akusambira. Botolo linali pambali, lotsegula.

Bamboyo anatembenuka, supuni ili m'manja. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mpongozi, anayang'ananso chiwaya.

"Mwaweruka msanga," anatero.

"Bambo, n'chiyani ichi?"

"Ndimati ndione ngati chiwayachi chikugwirabe ntchito. Chakhalitsa."

Palibe anaseka. Bamboyo anazimitsa moto n'kukhala pampando wa m'khitchini ngati wokwera amene wagwidwa alibe tikiti.

"Mayi, kunena zoona, chilowereni kabuku kanu m'nyumba muno ine ndikudya ngati ndagonekedwa m'chipatala. Amene anachita chizungulire ndi inu, koma chilango tikulandira tonse. Ndiye masana ndimadzipepesa pang'ono. Mwanayu anandipeza tsiku lina, ndinamupempha kuti asanene."

"Ndipo Lamlungu lija, ine ndikumunyoza mwana wa eni patebulo, inu munamva kugogoda kugeti?"

Bamboyo anakanda m'mutu. "Ndinkati mupsa mtima pang'ono n'kuiwala."

Mayi Tepi anatenga diresi lija n'kubwerera kuntchito. Panjira anayenda patsogolo, mpongozi pambuyo. Atafika pafupi ndi kokwerera basi anachepetsa liwiro mpaka anafanana.

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena bwanji za abambo, iwo ali pomwepo? Ndinaona kuti ndi bwino muzipeze nokha."

"Ndinakuganizirani zoipa, mwana wanga. Zoipa kwambiri. Mundikhululukire."

"Ndinaona choko chija tsiku lomwe munalemba, amayi," anatero mtsikanayo. "Chinandipaka m'manja pothira mafuta. Ndinalira, koma ndinakasiya kamzereko kuti kakhale."

Aka kanali koyamba Mayi Tepi kumva mpongozi wawo akunena zakukhosi, ndipo anachita manyazi kuposa mmene anachitira pa mtedza.

Kuchokera sabata imeneyo kalembedwe kanasintha. Kabuku kanachoka patebulo la kunyumba n'kukakhala pamakina, ndipo lamulo linali loti chinthu chilembedwe chisanalowe m'kamwa. Anapeza kuti zambiri zikalembedwa kaye, dzanja limachita ulesi kuzitenga. Kachitini ka mtedza anakapereka kwa ometa tsitsi. Bambo Zipi anadandaula masiku awiri kuti tiyi wopanda shuga ndi madzi osambitsira kapu, kenako anazolowera kubweretsa wawo padera. Zakumwa za makasitomala ankalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti akamwera kunyumba, ndipo zinkathera kwa mnansi. Anazindikiranso kuti masiku amene ankadya pang'ono kwambiri m'mawa ndi amene dzanja linkasakasaka masana, choncho anawonjezera dzira pa kadzutsa. Kunyumba anagwirizana zoti Lamlungu nyama izikazingidwa bwinobwino, aliyense adye ngati munthu. Mayi Tepi anaperekeza amuna awo kuchipatala mowakakamiza, ndipo nawonso anabwerako ndi mankhwala awo.

Thupi silinathamange. Mwezi woyamba linachotsa kilo imodzi, wachiwiri silinasunthe, ndipo Mayi Tepi anapitanso kwa wogulitsa chakudya cha nkhuku kukatsimikiza. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu anali pa 87, chizungulire chitasiya, ndipo nesi anati shuga wabwerera m'mbuyo. Mpongozi anapeza ntchito kuofesi ya sukulu ina, koma Loweruka ankabwerabe kudzathandiza mipendero, ndipo anayamba kuphunzira kudula.

Anthu a pamzerepo anayamba kunong'onezana. Khoma lathabwa silisunga chinsinsi, ndipo tsiku lina Mayi Tepi anamva kasitomala wawo wakale, mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale, akufunsa Bambo Zipi motsitsa mawu ngati mayiwa ali bwinobwino, poti mafupa a m'khosi mwawo ayamba kuonekera.

"Aphunzitsi!" anaitana. "Bwerani mudzafunse mwini wake."

Mphunzitsiyo analowa akuseka mwamanyazi. Mayi Tepi anamuonetsa kabuku, kachitatu tsopano, ndi mizere yake ndi manambala ake. Iye anatsegula masamba awiri atatu, n'kugwedeza mutu mwaulemu.

"Ndamva, amayi. Koma ngati pali china, musamabise. Masiku ano mankhwala aliko."

Anatuluka asanakhulupirire ngakhale pang'ono. Patatha milungu iwiri anabweranso, wopanda nsalu, wopanda chosoketsa. Anakhala pa kampando kapakona, anakamba za mvula ndi za ana a sukulu, kenako anatulutsa kope latsopano m'chikwama n'kufunsa kuti mizere ija amaijambula motani. Mayi Tepi anamujambulira tsamba loyamba ndi rula yawo, anamukopera manambala a pa pepala la nesi, n'kumuuza kuti kopelo lizikhala pamene amagwirira ntchito, osati kunyumba.

Atapita, Mayi Tepi anagogoda pakhoma lathabwa.

"A Zipi, mwawaona aphunzitsi aja?"

"Ndawaona. Mwapeza wophunzira."

"Wophunzira chiyani? Amene uja watumidwa ndi anzake kuti adzandione pafupi." Anabwerera pamakina n'kuyamba kupalasa. "Koma kopelo ndamujambulira bwino. Akalisiya m'chikwama, ndi zake."